Makina awa sadziwa chigafa cha bambo anga

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo. Ena mwina mumaganiza kuti ndatanganidwa ndi kuchonga mayeso a ana a Fomu 4, ndipo zikanandikomera ndikanati ndi choncho. Koma chilungamo chake n'chakuti ukulu uno ndagwidwa ndi chibwana china chake, ndipo lero ndati ndiulule pagulu.

Chibwana chake ndi ichi: ndakhala ndikujambulitsa zithunzi ku makina a AI. Umangolemba pafoni chomwe ukufuna kuona, ndipo mphindi isanathe chithunzi chatuluka, chowala ngati cha pakalendala ya kubanki. Ine amene ana amandiseka ndikajambula ng'ombe pabolodi, ati ikuoneka ngati tebulo la nyanga, lero ndikutulutsa zithunzi zoti munthu n'kupachika pabalaza alendo n'kumayamikira.

Musaganize kuti pali cholinga chenicheni. Palibe. Ganizo likangondifikira, kaya ndili pamzere kuchigayo, kaya ndikudikira kuti belu lilire, ndimatulutsa foni. Ndajambulitsapo fisi akupalasa kabaza atanyamula belo la fodya kupita ku Chinkhoma. Ndajambulitsapo tambala atavala tayi akuphunzitsa masamu. Tsiku lina ndinakumbukira njovu 263 zija anazisamutsa kuchoka ku Liwonde kudza nazo ku Kasungu National Park mu 2022, ndiye ndinati makina andijambulire njovuzo zitakwera basi, ina itatulutsa chitamba pawindo ikugula chimanga chootcha. Ndinaseka ndekha usiku mpaka mayi akunyumba anadzuka n'kundifunsa kuti, "Kodi bambo, bandulo ija mwagula dzanayi yatha kale?" Inali itathadi.

Mnzanga wina amene amaphunzitsa makompyuta pasukulu pathu sakondwa nazo. Iye amati ndikungotaya nthawi ndi ndalama. Akuti zinthuzi zili ndi kalembedwe kake, munthu umayenera kuphunzira mmene ungalamulire makinawo, kusunga kope la mawu amene agwira bwino ntchito, ndi kudziwiratu chimene ukufuna usanayambe. Ndimamulemekeza, ndipo pa nkhani ya bandulo sakunama. Koma maganizo anga ndi osiyana, ndipo ndi amene ndikufuna kukambirana nanu lero. Ine ndikuti kusewera kopanda dongosoloku n'kumene kwandionetsa chinthu chimene kope lake silikanandionetsa: makinawa amadziwa zambiri, koma kwathu kuno sakudziwako. Ndipo tikapanda kusamala, ana athu adzakhulupirira chithunzi cha makina kuposa chimene maso a agogo awo anaona.

Ndiyambe ndi kufotokoza pang'ono za zidazi, poti ena mukungozimvera m'mphepo. Si zakale ayi. Kampani ya OpenAI inalengeza za DALL-E mu Januwale 2021. Mu 2022 kunatuluka Midjourney ndi Stable Diffusion, ndipo apo m'pamene anthu wamba anayamba kuzigwira. Chaka chomwecho bambo wina wa ku America, Jason Allen, anapambana mpikisano wa zojambula ku Colorado ndi chithunzi chopangidwa pa Midjourney, ojambula pamanja n'kukwiya koopsa. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika AI yake mu WhatsApp m'maiko angapo, ndipo Malawi inali m'gulu lomwelo pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Kuyambira apo sipafunikanso kompyuta. Foni yomweyi timatumizirana mauthenga a maliro ndi zinkhoswe yakhalanso chojambulira. Ine ndadumphadumpha pa zida zingapo, ndipo zimene ndikambe pansipa ndaziona paliponse pamene ndayesa.

Nanga zimagwira bwanji ntchito? Mmene ndamvera ine, makinawa amawaonetsa zithunzi zankhaninkhani zotoledwa pa intaneti, chilichonse ndi mawu ochifotokoza. Nkhokwe ina yotchuka, yotchedwa LAION-5B, inali ndi zithunzi zoposa 5 biliyoni. Akaona zithunzi zambirimbiri zolembedwa kuti "galu", makinawo amagwira mmene galu amaonekera. Ndiye iwe ukalemba mawu ako, ambiri mwa makinawa amayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati tija timaoneka pa TV mlongoti ukapendekeka, n'kumatikonza pang'onopang'ono mpaka titafanana ndi mawu ako. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: makina amajambula kuchokera pa zimene anaonetsedwa. Chimene sichinajambulidwe n'kuikidwa pa intaneti, kwa iwo kulibe, ndipo amangolowetsapo chinthu china chofananako.

Tsopano imvani zimene zinandichitikira. Ndimaphunzitsa zaulimi, ndipo ndinali kukonzekera phunziro la kaumitsidwe ka fodya wa bale. Mwachizolowezi changa chija, ganizo linangobwera: bwanji ndijambulitse chigafa? Ndinalemba m'Chichewa kuti "chigafa cha fodya". Chinatuluka chinthu chosadziwika mutu wake, kanyumba kokhala ngati kogulitsiramo zakumwa m'mbali mwa nyanja. Ndinati chabwino, ndiyankhule Chingerezi. Apo anandipatsa chinyumba chachikulu chamatabwa, chachitali ngati tchalitchi, chopaka utoto wakuda, kutsogolo kuli kapinga wometa bwino. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi mmene zimaonekera nyumba zoumitsira fodya ku Kentucky, ku America, kumene nakonso amalima bale. Makinawo sananame kwenikweni. Anandipatsa chigafa cha eni ake amene zithunzi zawo zadzaza intaneti.

Sindinagonje. Ndinayamba kulongosola chimodzichimodzi ngati ndikuuza mlendo: mphanda zamitengo zozikidwa pansi, denga laudzu lotsika, m'mbali mopanda khoma kuti mphepo izidutsa, masamba osokedwa atapachikidwa pamikangala mizeremizere, ena akadali obiriwira, ena achikasu, ena atafiira kale. Chinabwera chinthu choyandikirako, koma masamba ake anali ngati a nthochi, denga lake losongoka ngati la malo ogona alendo okaona nyama, ndipo chakumbuyo, popanda ine kupempha, anaikako mtengo wamthunzi wophwatalala ndi dzuwa lofiira likulowa. Kwa makinawa, ukangotchula Africa, dzuwa liyenera kukhala likulowa basi. Chigwa chathu chino, chotambalala kuchokera ku Santhe mpaka ku Chatoloma, ndi zulu zake, mitengo ya mango ndi Phiri la Kasungu litaima lokha pakati, sindinachione m'chithunzi ngakhale chimodzi.

Nditaikamo anthu ndinaona chinthu china. Ndikalemba za mlimi wa fodya osatchula dziko, amandipatsa bambo wachipewa chaudzu, malaya oyera mbee, akumwetulira atagwira tsamba limodzi ngati duwa. Ndikaonjezera kuti ku Malawi, nthawi zingapo ankanditulutsira mwana wamaso achisoni, zovala zong'ambika. Apa ndinakhala kaye chete, chifukwa chithunzi chachiwirichi chili ndi pochokera. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ndipo mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wathu pamadoko ake chifukwa cha nkhani ya kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Ine ndine mphunzitsi, ndimadziwa mmene madesiki ena amakhalira opanda anthu nyengo yothyola ndi kusoka fodya. Sindingakane. Koma ngati zithunzi zathu zambiri zimene zinafika kunja zili za m'malipoti otere, ndiye kuti makina anaphunzira kuti ife ndife chisoni chokhachokha. Pakati pa bambo womwetulira uja ndi mwana wolira uja pali moyo wathu weniweni: amayi akusoka fodya pamthunzi akuseka nkhani za kumudzi, achinyamata akulimbana ndi jeke podinda belo, mlimi atatsamira wailesi kumvera mitengo ya kuokushoni, kukangana kwa pabanja ndalama zikatuluka. Zonsezo makina sakuzidziwa.

Apa ndiye pamene chibwana changa chinandifikitsa pa nkhani yoti sindinaiyembekezere. Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima bale pamunda pake. Lamulo litamasuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anabwerera pamalo a makolo n'kumanga chigafa chawochawo. Fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera m'chigafa chimenecho. Anatisiya patangopita nthawi yochepa njala ya 2002 itadutsa, ndipo chigafacho chinagwa patapita mvula ziwiri. Chithunzi chawo tili nacho chimodzi chokha, kakang'ono, kojambulitsa kusitudiyo pa Kasungu boma, atavala jekete yobwereka. Cha chigafa palibe. Ndani akanataya filimu kujambula chigafa masiku amenewo?

Usiku wina ndinajambula kachithunzi kaja ndi foni, n'kukapereka kwa makina, ndi kuwapempha kuti awaimike bambo anga kutsogolo kwa chigafa atanyamula mindindi ya fodya. Chimene chinatuluka chinandigwira mtima, sindiname. Nkhope inali yawo ndithu, kapena kuti pafupifupi yawo. Loweruka lake ndinakwera njinga kupita kumudzi kukawaonetsa amayi. Anapukuta manja pachitenje, n'kutenga foni, n'kuyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati, "Aphunzitsi, nkhopeyi ayesetsa. Koma manja awa sanagwirepo fodya."

Ndinayang'ananso. Zoonadi, manja anali osalala, zikhadabo zoyera ngati za kalaliki. Aliyense amene anathyolapo fodya akudziwa phula lakuda lija limamatirira m'zala, losachoka ndi sopo wa tsiku limodzi. Amayi anapitiriza: "Ndipo chigafa cha bambo anu sichinali choongoka chonchi. Chinapendekera kum'mawa chifukwa mphanda imodzi inadyedwa ndi chiswe. Chaka chilichonse ankati aisintha fodya akagulitsa, mpaka anapita asanaisinthe." Atatero anaseka, kenaka anapukuta m'maso, n'kundibwezera foni. Ndinawafunsa ngati ndikawatsukitsire chithunzicho kuti apachike. Anati, "Ayi. Adzukulu angadzayese kuti agogo awo anali awa."

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Ine, mwana wobadwa m'nyumbamo, amene ndinasenzapo mikangala m'chigafa chomwecho, ndinali nditayamba kale kuchikhulupirira chithunzicho. Mphanda yodyedwa ndi chiswe ndinali nditaiiwala. Nanga mwana wanga amene sanawaonepo agogo ake? Nanga ophunzira anga, amene mawa adzafunsa makina kuti awaonetse mmene makolo awo ankakhalira? Chithunzi chabodza choipa sichiopsa kwenikweni, chifukwa umachizindikira n'kuseka. Choopsa ndi chokongola, chofanana ndi choona kupatula pa zinthu zing'onozing'ono zimene wodziwa yekha ndiye angazione. Ndipo odziwawo akutha mmodzimmodzi.

Zigafa nazonso sizidzakhalapo mpaka kale. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021. Mu 2023 Malawi inalowa nawo m'pangano la bungwe la WHO lolimbana ndi kusuta fodya. Alimi ena kuno asiya fodya n'kuyamba soya ndi mtedza, ndipo mitengo yomangira zigafa ikusowa chaka ndi chaka. Kaya wina akondwera nazo kaya akudandaula, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Changa n'chakuti ntchito imene yaphunzitsa ana ambirimbiri a m'boma lino, ndi kulemetsa ena, ndi kusaukitsa ena, ikhoza kudzatha popanda chithunzi chake choona, n'kutsala cha ku Kentucky chokha.

Ndiye wina afunsa kuti, ngati zili choncho, bwanji osangozisiya? Yankho langa n'lakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ichi chafika kale. Chili m'mafoni a ana athu kaya ife tifune kaya tisafune. Mphunzitsi amene sanachigwirepo sangathe kuchenjeza mwana za icho. Ndipo njira yochidziwira bwino, mmene ndaonera ine, ndi yomwe ija mnzanga amaitcha kutaya nthawi. Iye ndi kope lake amapempha zinthu zimene makina amazidziwa bwino, monga chithunzi cha mtima wa munthu kapena galimoto yamakono, ndipo amapeza zabwino nthawi zonse, n'kumati makinawa salakwa. Ine wongolasa paliponse ndi amene ndimagunda m'malire mwake. Ndinapempha nsima ya kondowole, anandipatsa chinthu ngati keke. Ndinapempha ngolo ya ng'ombe, goli analiika pamsana. Ndinapempha nkhokwe, anandipatsa thanki yachitsulo. Kulephera kulikonse kunandiphunzitsa kanthu.

Pa nkhani ya kusewera, ife a ku Kasungu tili ndi mboni yathu. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija, ndipo mu 2002, ali ndi zaka 14, anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Chingerezi chinkamuvuta, kotero zambiri anaziphunzira poyang'anitsitsa zithunzi za m'buku la sayansi limene anabwereka kulaibulale. Anthu ankamuyesa wamisala pomuona akutoleza zinyalala. Sindikudziyerekeza ndi iye, fisi wanga wapakabaza sanayatsepo babu. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndimatolapo. Choyamba, kugwiragwira zinthu popanda wokuuza si uchitsiru. Chachiwiri, chithunzi chimene William anachiyang'ana chinali choona. Chikanakhala chongopeka, chokongola koma mawaya atalumikizidwa molakwika, babu lija silikanayaka.

Pali madandaulo ena awiri amene sindingawalumphe. Loyamba ndi la ojambula pamanja. Pamsika wathu pali bambo wina amene kwa zaka zambiri wakhala akulemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pamakoma a mometera tsitsi. Anandiuza kuti masiku ano achinyamata amangopangitsa chithunzi pafoni n'kukachisindikiza pachinsalu cha pulasitiki. Kunja nako ojambula akudandaula kuti ntchito zawo zinatengedwa kukaphunzitsira makina popanda kuwapempha, ndipo mu 2023 kampani ya Getty Images inatengera kukhoti eni ake a Stable Diffusion pa nkhani yomweyi. Ine pamenepa ndadziikira lamulo: zoseweretsa zanga zimathera mufoni. Chikwangwani cha kalabu yathu ya zaulimi tinakalembetsa kwa bambo aja ndipo tinawalipira. Chimanga chimene anajambulapo ndi chimanga chenicheni, ndi ndevu zake zomwe.

Lachiwiri ndi la bodza. Mu Malichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma chinazungulira dziko lonse, anthu ophunzira bwino n'kukhulupirira, chonsecho chinali chopangidwa ndi makina. Ngati zinatheka ndi Papa, kuli bwanji ndi mtsikana wa Fomu 2 amene mnyamata womukana wamukwiyira? Kuli bwanji ndi mfumu pa mkangano wa malo? Ichi n'chifukwa chake sindiika nkhope ya wophunzira aliyense m'makinawa, ndipo ngakhale ya bambo anga ija ndimadzifunsa ngati ndinachita bwino kuipereka. Chithunzi chilichonse chimene ndatumizira anzanga ndimalembapo kuti n'chopanga.

Phunziro lija la kaumitsidwe ka fodya ndinaliphunzitsa mwanjira ina. Ndinalowa m'kalasi ndi zithunzi zitatu za makina, n'kuuza ana kuti apeze zolakwika. Abale, sindinaonepo kalasi itadzuka chonchija. Ana amene chaka chonse sanakwezepo dzanja anali kulimbirana kuyankha. Wina anati masamba apachikidwa mothithikana kwambiri, awola. Wina anati denga lotere mvula ya Febuluwale ilowa. Mtsikana wina wa kumbuyo anati, "Sala, fodya wa bale saumitsa ndi moto, nanga utsiwo ukuchokera kuti?" Ine ndinali ndisanauone n'komwe utsiwo. Tsiku limenelo ana a alimi anazindikira kuti pali chinthu chimene iwo akudziwa kuposa makina a mabiliyoni, ndipo nkhope zawo zinaoneka.

Kuyambira pamenepo chibwana changa chabala china. Ndikamayenda ndi foni, ndimajambula zinthu zenizeni: nazale, kuwokera, kusoka, jeke, ziguduli, ngolo, nkhokwe, mphanda zodyedwa ndi chiswe. Ndimayamba ndapempha eni ake, ndipo pachithunzi chilichonse ndimalemba dzina la chinthucho m'Chichewa, malo ndi chaka. Zina ndikufuna kudzaziika pa Wikimedia Commons, pamene aliyense angazipeze mwaulere. Sindikudzinamiza kuti zithunzi za mphunzitsi mmodzi zingasinthe makina. Koma makolo athu a ku Chongoni, ku Dedza, anajambula pamiyala popanda wowalipira, ndipo malo 127 a zojambula zawo anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2006. Anasiya chizindikiro choti analipo, ndipo anachisiya ndi manja awo.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi makolo ndi ili. Seweretsani zidazi, musaziope, ndipo musadikire kuti wina akuchititseni maphunziro. Jambulitsani zopusa, sekani, muone pamene zikupunthwa. Koma mukatha kuseka, tembenuzani foniyo mujambule amayi anu ali pamtondo, bambo anu ali m'munda, manja awo mmene alili. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene muli nawo lero ajambuleni lero.

Ine Loweruka likubwerali ndikubwerera kumudzi. Amayi avomera kuti ndiwajambule, koma akuti ndidikire avale chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndawauza kuti chabwino, tijambula ziwiri, china cha chitenje, china ali pantchito. Akuti aganizira kaye.

Tionananso mayeso akatha, bandulo ikalola.